Macheka Osakuwa

Akale aja ankatsokomola kasanu asanadzuke.
Ndinkakoka chingwe mpaka phewa kuphwanya,
utsi wa petulo m'mphuno,
ndipo akabangula, agalu a pa Chinkhoma ankadziwa
kuti Gelesomu walowa m'bulugamu.
Anandilanda khutu la kumanzere,
koma sanandinamizepo:
akakhala chete, ndiye kuti agona.

Awa ndinagula kwa mnyamata wochokera ku Joni,
mabatire awiri, tchaja ya pulagi yachilendo.
Kupepuka ngati khasu la mwana.
Ukangodina, tcheni chayamba kale kuthamanga,
kulira kwake ngati makina a telala.

Bulugamu wauwisi amangomumwa,
mizati ya chigafa makumi atatu pa batire limodzi.
Muwanga wouma ndiye amawuopa:
amatentha m'mimba, kagetsi kofiira n'kuphethira,
n'kuima pakati pa thunthu
mtengo utayamba kale kusankha kogwera.
Choncho, Zikani, werenga timagetsi tinayi tija
usanagwire khungwa.
Magetsi akathima masiku awiri,
pita nawo kwa Nyozani wometa tsitsi,
sola yake sikana munthu wa mazana asanu.

Nsonga yake usamaidalire.
Ikagunda mfundo imabwerera kumaso
ngati theche la ng'ombe yomangidwa.
Manja onse awiri. Chala chachikulu chikole chogwirira.

Enawa a ndodo yaitali,
amene tinasadzira mango a kuchipatala,
amakupusitsa kuti uli kutali ndi ngozi
pomwe ngozi ili pamwamba pa liwombo lako.
Ima pambali. Nthambi sigwa mmene waiuzira.
Utuchi umafuna maso, vala magalasi,
ndipo ukaona waya wa magetsi m'masamba
bwerera, ngakhale mwini mtengo awonjeze ndalama.

Ukuyang'ana dzanja langali. Funsa.

Linali Lachinayi, pakhonde,
ndikunola mano ndi tupa, batire lili momwemo,
poti anali phee, ndinkayesa agona.
Tiyese, zaka zinayi, anadzera kumbuyo kwanga,
wabwera ndi chimanga chowotcha choti andilumitse.
Anaona kabatani.
Mwana akaona kabatani amatani?

Sanabangule.
Anangoti fyee, kamodzi,
chala chamkombaphala n'kufupika.
Amene analira ndi mwanayo, mpaka mawu kutha,
ine ndikumutonthoza ndi dzanja lotsalalo,
linalo litakulungidwa m'chitenje cha mayi ake
pa kabaza wopita ku boma.

Kuyambira pamenepo batire limagona m'thumba la ovolosi,
macheka amagona pamwamba pa kabati,
ngati banja lokangana.
Amakumana pa tsinde la mtengo basi.

Tiyese ali sitandade wani tsopano.
Powerenga masamu amabwereka zala zanga,
akafika pachachifupicho amadumpha,
osandiyang'ana,
ndipo yankho lake limaperewera ndi chimodzi.
Aphunzitsi amati mwanayu sakumva kuwonkhetsa.
Sindinapitebe kukawafotokozera.