Mpweya wa M'tayala

Pa misa ya akufa ku Ulongwe
wansembe anawerenga mayina khumi ndi anayi.
Lanu, achimwene, linali lachisanu ndi chinayi,
pakati pa khanda la masiku atatu
ndi mayi wa ku Domwe amene sitinkamudziwa.
Analitchula bwino ndithu: Belarimino.
Koma ndani ankakuitanani choncho?
Tonse tinkati Sipoko.

Ndinabwerera kunyumba m'maso muli gwaa.
Anthu anati ndine wolimba mtima.
Sikunali kulimba. Unali mwala pakhosi,
wokana kutsika, wokana kukwera.

Sabata yachisanu ndinatsegula bokosi lanu la zitsulo.
Masipanala, guluu wouma,
zigamba za mphira zodulidwa ngati makutu a mbuzi,
ndipo pansi penipeni kope la ngongole,
lakuda ndi girisi, lonunkha inu.
Zeferino, masipoko anayi, sanalipire.
Mayi a Jasinta a mbatatesi, chigamba, adzapereka akakolola.
Aphunzitsi Kalisito, tcheni, mwezi ukatha.
Mwezi wake uti simunalembe.
Mayina makumi awiri ndi atatu.

Ndinayenda khomo ndi khomo, kope lili m'manja.
Ena atandiona anazembera kuseri kwa nkhokwe.
Ndinati: mametikali anuwo sungani.
Loweruka mubwere ndi njinga pabulugamu paja
pamene ankakhala. Ngongole ithera pomwepo.

Amalume anakalipa. Mwambo wotere, anatero,
kutchalitchi kulibe, makolonso saudziwa.
Ndinati inenso sindiudziwa, malume,
tiuphunzira Loweruka.

Anabwera khumi ndi asanu ndi anayi,
m'chisanu chija cha Julaye choluma zala.
Zeferino anasenza gudumu lokha paphewa,
njinga yonse anagulitsa chaka chatha.
Palibe anakwera. Tinangokankha,
kudutsa pamsika, pachigayo,
pamene machapa a ku Tete amadikirira anthu,
mabelu akulira mosagwirizana,
opanda belu akumenya felemu ndi msomali.
Phokoso loipa, achimwene. Mukanaseka.
Mukanati belu la aphunzitsi likufuna mafuta.

Kumanda aliyense ananena chimene munamukonzera.
Wina anati munamuzazira tsiku lonse
chifukwa chokweza nkhumba ziwiri pakaliyala.
Tinaseka pamanda, ife,
amalume atatembenukira kumbali,
mapewa awo akugwedezeka.

Kenako mayi a Jasinta anagoneka njinga yawo pamtumbira.
Anati: tayala lakumbuyoli anapopa ndi iyeyo,
Lachiwiri lija, chifuwa chisanamugwetse.
Sindinapopenso. Mpweya uli umu ndi wake.

Kunati zii.

Ndinagwada. Ndinamasula kavalavu, zala zikunjenjemera,
ndinasendeza tsaya pafupi.
Unatuluka pang'onopang'ono, wozizira, wonunkha mphira,
fyuuu,
momwe munkausira moyo madzulo
mukamasonkhanitsa masipanala.
Mwala uja sindinaumve pochoka.
Ndinalira mpaka tayala linati phwa.

Apa panabuka vuto lina:
mayiwo kwawo n'kutali, kuseri kwa phiri,
ndipo dzuwa linali litapendeka.
Pampu yanu ndinali nditaitenga, chifukwa chake sindikudziwa.
Pachogwirira pali kadzenje
kamene chala chanu chachikulu chinakumba m'zaka zonsezi.
Ndinaikapo changa. Chinachepa.
Ndinapopa chokhota, aphunzitsi akundiwongolera,
Zeferino akuwerenga mokweza ngati ali kusukulu,
mpaka tayala linalimba.

Mayi a Jasinta anamasula mfundo ya chitenje,
nafunsa kuti ndi zingati.
Ndinatsegula kope, tsamba latsopano,
ndinanyowetsa pensulo yanu ndi lilime
ndi kulemba: mpweya, tayala limodzi.
Adzapereka akakolola.