Chigamba cha pa Madigadi

Anaikoka ndi thirakitala kuchokera ku Chiparamba,
Pijo yakalekale, matayala atatu,
nthenga za nkhuku zili mbwee pamipando.
Mwini wake, a Yotamu Sakala, sanachulutse mawu:
"Mwana wanga akwatiwa mu Okutobala.
Ku tchalitchi apite m'menemu."

Ndinaizungulira, ndikuigogoda ndi sipanala.
Chitsulo chamoyo chimayankha kuti ngwee!
Chakufa chimangoti phu,
n'kuyoyoka ngati mtanda wodyedwa ndi chiswe.

Magetsi kuno ku Kapata ali ngati mlamu wangongole,
amafika usiku, amachoka osatsazika.
Gilainda ili gone pansi pa benchi.
Ndatsala ndi sandipepa, bulashi ya waya,
viniga wa m'chigubu,
ndi zala izi zimene mizere yake inafufutika kale.

Khwe, khwe, khwe.
Dzimbiri silikangana ndi munthu, limangodya.
Ndalipala mpaka mamina afiira,
ndapeza penti wobiriwira,
pansi pake wachikasu wa masiku a takisi
pamene inkanyamula amalonda a ku Mwami
ndi matumba a mtedza padenga,
pansi pake penipeni woyera, wa kwawo kumene inabadwira.

Lachinayi, pa madigadi ya kumanzere,
sandipepa inakodwa.
Chigamba.
Chitini cha mafuta ophikira chodulidwa ndi sizasi,
maliveti asanu ndi awiri,
womaliza wopendama ngati dzino la nkhalamba.

Ndinakhala pansi pa fumbi.
Bambo anga, a Elifala Miti, anali amanzere,
ndipo liveti wawo womaliza sankawongoka,
pofika pamenepo mtima unali kale ku mowa.
Ankatukwana nyundo, ankatukwana ine wogwira tochi.
Zaka makumi atatu chitini chawo chagwira,
matope a ku Msoro osachigwedeza.
Koma ndi ntchito yoipa. Iwonso ankadziwa.

Ndinachikanganula.
Dzimbiri linali litamanga mudzi kuseri kwake.

Magetsi atafika cha m'ma wani koloko
ndinadula chitsulo chatsopano, ndinawotcherera,
ndinasula ndi nyundo yaing'ono mpaka chikhatho
chinadutsa osamva pamene panali bala.
Bampala ndinaikwecha ndi phulusa losefa ndi nsanza,
tsopano phiri la Kanjala likuonekamo, lopindika,
pamodzi ndi ana a sukulu odzasuzumira mano awo.

A Sakala abwera Loweruka ndi theka la ndalama.
Chigamba sindiwauza.
Chili pa msomali, pamwamba pa masipanala,
ndipo mphepo ikalowa pansi pa malata
chimagunda khoma pang'onopang'ono,
ngati munthu wofunsa ngati ndamaliza.