Mlonda wa pa Banki

Zaka khumi ndi zinayi ndalondera khomo ili
pa First Street, chibonga m'khwapa,
sindinaonepo ndalama ikutuluka usiku.
Koma akuti inapita.
Lachitatu, ine ndili maso,
loko ali chitsekere, alamu ili duu.

Tinotenda, kalaliki wa chipinda cham'mwamba,
anandionetsa chala chake:
ndi ichi, mdala, timangodina kamodzi,
basi yawoloka nyanja.
Ndinayang'ana changa.
Inki ya chisankho inali isanafufutike pachikhadabo.

Chala changachi chinafola ku Mufakose
chisanu chikuluma, dzuwa lisanatuluke.
Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi,
anamwalira ndi chitupa chowatcha mlendo.
Ine ndinatha nsapato ziwiri m'maofesi
kuti dzina langa lilowe m'kaundula.
Ndalama saifunsa kwawo.
Pa Beitbridge mlongo wanga Nasiwelo amagonera thumba,
amamumasulitsa mitolo, kumuwerengetsa mabulangete;
iyo imadutsa pamutu pake osatsokomola n'komwe.

Tinasankha mayi amene analonjeza madzi m'mipopi
ndi mankhwala pakiliniki.
Loweruka anabwera kuholo, nsapato zili mbuu.
Sananame, ndimupatse zake.
Tikakweza msonkho wa eni migodi, anatero, asamuka.
Tikatchula za malipiro, akuti tikuwaopsa.
Ndiye tizilankhula motsitsa
ngati m'nyumba mwagona khanda la eni.
Ndinaimika dzanja:
kodi iwowo anavotera pasukulu iti?
Holo yonse inafa nacho chiseko.
Iye sanaseke. Anapinda pepala lake kanayi.

Ku Workington, kumene mwana wanga ankasoka maovolosi,
makina anakwera lole Lamulungu m'mawa.
Pageti anasiyapo nambala ya foni
yoyamba ndi manambala a dziko lina.
Ukaimba, mumalira nyimbo.

Sindidana nayo ndalama, ayi.
Ikabwera timaiyalira mphasa,
nduna zimavala tayi kukaichingamira kubwalo la ndege.
Chimandiwawa n'choti mlendoyu
amadya atagwira chitseko,
ndipo tonse timatafuna tikuyang'ana dzanja lakelo.

Ikukwana folo koloko.
Makombi oyamba ayamba kuitanira ku Copacabana.
Ndagwedeza loko: ngwolimba.
Ndalemba m'buku kuti zonse zili bwino.
Chikhadabo chakula, inki yafika kunsonga.
Mkazi wanga akuti ndiwenge.
Ndamuuza kuti mawa.