Masamba a Eni

Zaka zitatu ndinkawerenga tizilombo pamasamba a tiyi
kuseri kwa Bvumbwe, chiperoni chikundilowa m'mafupa.
Lero ndapeza ndime zanga m'magazini ya kafukufuku,
zosambitsidwa, zodzola mafuta,
pamwamba pali dzina la Dokotala Muhiwa.

Ndawaimbira. Akuti, "Sindinabe ine mwanawe,
ndinangofunsa makina anzeru aja, n'kundilembera."

Makinawo anaterereka liti m'matope a kwa Goliati?
Ngakhale nambala yomwe ndinalakwitsa patsamba lachinayi
aimeza osatafuna.

Amayi anathyola tiyi mpaka zala kuchita zikang'a.
Tiyiyo ankapita ku Limbe, kukasakanizidwa,
n'kubwerako m'paketi ya dzina la wina.
Ine ndinkati sukulu yandichotsa m'munda.
Sindinkadziwa kuti mundawo tsopano ndine.