Buku Lopanda Chikuto

Ndinaligula pansi, pafupi ndi Wenela,
pakati pa magazini akale ndi mabuku a masamu.
Chikuto chinachoka, dzina la wolemba chiswe chinadya.
Wogulitsa anati, tengani, lakhalitsa.

M'katimo munthu ali pa ulendo,
ndipo aliyense wokumana naye, dzina lake ndi khalidwe lake.
Kuli mayi Zilibekanthu, wopatsa madzi pachitsime,
womwapo amaiwala kumene amapita.
Kuli bambo Mawa, wobwereketsa mipando pansi pa mkuyu,
saitanitsa ndalama, amangolemba masiku.

Ndinaseka m'minibasi mpaka ku Ginnery Corner.
Ndinati uyu ndi mlamu wanga,
uyu ndi msungichuma wa kumpingo kwathu.

Koma bukuli linali ndi mwini ine ndisanabadwe.
Elufe Kambalame, analemba ndi pensulo.
Pamene paliponse wapaulendo wapatuka,
m'mphepete mwa tsamba mayiyo anangoika mawu atatu:
apa ndi ine.
Tsamba la makumi anayi, apa ndi ine.
Pena anakanikiza pensulo mpaka pepala kubooka.

Usiku umenewo ku Ndirande magetsi anazima.
Ndi kandulo ndinafika pa mlonda wa pachipata,
amene anthu anamuponya miyala
poti lipenga lake linkawasokoneza tulo.
Sananene zambiri.
Anati mlatho wadyeka kunsi,
pamwamba penti akadali watsopano.

Ine ndimagulitsa mpunga pamsika.
Kunsi kwa sikelo yanga kuli kachitsulo
kamene ndinamata chaka cha njala,
ndikunena kuti zikakhala bwino ndidzachotsa.
Zinakhala bwino. Ndinamanga nyumba ya malata.
Lamulungu ndimaimba besi kutsogolo,
Lolemba kachitsulo kamadya nawo
m'thumba la mayi wa ana asanu.

Ambuye, chenjezo lanu silinabwere ndi bingu.
Mwalituma ndi pensulo ya munthu amene sindidzamuona,
mwina anagona kale ku Misesa.
Mpando wa bambo Mawa ndaukhalira zaka zingati?

Kunja mvula ikutsika m'phiri,
ngalande yadzaza mapepala ndi nsapato imodzi.
Ndafufuza m'chikwama cha mwana wanga,
ndapeza pensulo yotafunidwa kumutu.
Pansi pa dzanja la Elufe pali malo pang'ono.

Mpeni wochotsera kachitsulo ndauika pakhomo,
pamwamba pa nsapato,
kuti m'mawa ndisanene kuti ndaiwala.