Zimene Indrek Sadalembe

Ku Tallinn dzuwa lalowa itangokwana 3 koloko,
Kärt Lepik sanavulebe chikhoti chake.
Ofesi ya pamwamba ku Kalamaja, khofi wazizira,
chipale chofewa chikukwirira njanji za tiramu.
Ntchito ya lero: kulemba zimene Indrek ankasunga m'mutu.

Indrek adapita ku Tartu kukaweta njuchi.
Adasiya makina omangira pulogalamu, oyenda bwino,
koma osalankhula.

Walemba:
Pakhomo loyamba pamalowa chithunzi.
Chibwere ndi dzina lake, kukula kwake, ndi kumene chachokera.
Chituluka chitaonda, dzina litatalika ndi manambala asanu ndi atatu.
Musachite mantha, ndi chomwe chija.

Wafufuta "musachite mantha."
Wabwezeranso.

Khomo lachiwiri ndi la zilembo.
Limafinya mipata, limameta ndemanga zonse mpala,
ngakhale ija ya Indrek ya usiku wina mu Febuluwale:
"apa musagwirepo, nanenso sindidziwa chifukwa chake zikuyenda."

Lachitatu ndiye lovuta.
Ukalipatsa fayilo yopanda kanthu silidandaula,
limangoti zii, makina n'kupitirira ngati palibe chachitika.
Chaka chatha kukhala chete kumeneku
kudadya Loweruka lathunthu la Tõnis,
mwana wake akumudikira pakhomo, nsapato za pa ayezi zili m'manja.
Safunsa adadya phula, inde.
Nanga akadafunsa yani?

Wamuimbira Indrek. Foni yaitana kasanu.
"Mzere wa 214, bwanji umatembenuza chithunzi kawiri?"
Phwete la kuseka, mphepo, galu akuuwa chapatali.
"Ukadalipo umene uja? Unali wa kasitomala wa ku Riga.
Kampani yake idatha kalekale."

Kärt wakhala phee.
Kenako walemba zoona zokhazokha:
cholowa, chotuluka,
chimene chimasweka ukasintha dongosolo la makomo,
ndi kandime kamodzi koti: apa sitikudziwa.

Wodzawerengayo sanamuonepo.
Mwina akadali pasukulu ku Narva.
Mwina adzafika pakati pa usiku, maso ali psuu, zonse zitaima,
akutukwana anthu osawadziwa.
Wamusiyira chitsanzo chimodzi chokha,
chimene wachiyesa yekha katatu.

Tiramu yopita ku Kopli yadutsa, mawindo anjenjemera.
Wazimitsa nyale, watsika masitepe awiri,
wabwerera.
Pansi pa tsambalo sanalembe deti,
ndiponso dzina la munthu woti adzafunsidwe.
Walemba lake.