Kope la NyaMsiska

Ndaziona, basi ikangolowa m'mapaini a ku Chikangawa
vala juzi, usadikire kutsika.
Kuno chifunga chimadzuka anthu asanadzuke.
Ambulera usasiye. Mvula ya ku Mzuzu siodira,
imangoti waa ngati wothirira nazale,
nkuleka, nkuyambanso utangoyanika zovala.

Pa depoti adzakuzinga anyamata a njinga.
Usakwere ngati thumba la chimanga.
Yamba wapereka moni. Nena kuti Monire.
Lilime lidzakulemera, iwo adzaseka, nawe seka,
kenako funsa mtengo wa ku Zolozolo
usanakhale pa khushoni.
Pachitunda tsika, uyende pambali pake;
miyendo ikupalasayo ili ndi mwini.

Ine chaka choyamba ndinkalankhula mokweza
ngati Chichewa changa chikupita kwa ogontha.
Amachimva, mlongo wanga, amachimva bwino lomwe.
Ankangondiyang'ana monga uyang'anira mwana
wolowa m'nyumba ya eni ndi nsapato zamatope.
Tsiku lina mumsika wa Mataifa
ndinatambasula chitenje nkuchinyoza kuti mtengo utsike.
Mayi wogulitsa anachilanda mofatsa,
nachipinda ngodya ndi ngodya, nati,
"Kwanu mumayamba mwatukwana mkazi musanamufunsire?"
Anali NyaMsiska.
Lero ndimachita lendi kuseri kwa nyumba yawo.

Usafunse munthu kuti ndi mtundu wanji.
Mukamwa tiyi kawiri adzakuuza yekha
za ku Hewe, za ku Usisya, za msewu wa ku Chitipa.
Akakuikira kondowole usayambe wanunkhiza.
Maliro akagwa mumzere wathu, zimitsa wailesi,
pita ukakhale pansi ndi amayi
ngakhale nyimbo zake sukuzidziwa.
Ndipo mawu oti "kwathu timatere" ndi mchere:
kapinidwe kamodzi pa tsiku, basi.

Unandifunsa buku lokuphunzitsa ulendo.
M'sitolo mulibe.
Ndi kope la ana asukulu, chikuto chomata ndi selotepi,
limene NyaMsiska ankalemba pokaoda zitenje:
Songwe, Kyela, Mbeya,
mpaka Dar es Salaam, komwe anazungulira tsiku lonse
msewu umodzimodzi chifukwa chonyada kufunsa njira.
Theka lake ndi mitengo ya katundu ndi ngongole za anthu,
ena anamwalira kale asanabweze.
Theka linalo ndiye ulendo.
Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili
zagona pamzere umodzi ngati apaulendo pa benchi ya pa boda.

Pali tsamba lothimbirira khofi
pomwe mayi wina wosadziwika anawayalira mkeka
kuseri kwa shopu, nawapatsa madzi,
nacheza nawo usiku wonse ndi zala zokha.
Dzina lake sanalifunse. Mpaka lero zimawapweteka.
Patsamba lina analemba mzere umodzi:
"Lero andibera mashilingi, ndaphunzira mawu atatu. Ndapindula."
Ndinaseka nditawerenga.
Iwo sanaseke.

Kopelo silituluka pakhomo.
Umawerengera pakhonde pawo, utasamba m'manja,
iwo akusenda nthochi zophika madzulo,
ndipo ukapunthwa pa liwu amakukonza osadzutsa mutu.
Masamba asanu ndi limodzi akumapeto ndi oyera.
Ndinafunsa chifukwa. Anati mawondo anatha kope lisanathe.

Choncho utenge mbatata ya kachewere pa Tsangano,
kathumba kakang'ono, osati kodzionetsera.
Udzawapatse ndi manja awiri.
Akati Yewo, nawe uti Yewo,
usawonjezere kanthu, usafulumire kukhala pampando.

Lachisanu ndidzakhala pa depoti kuyambira masana
ndi maambulera awiri,
poti ndikukudziwa, uiwala.